A Mfuko ndi Galu Wawo Wokumba Pansi pa Mpanda

Amalume anga anakumba zitsime ndi maenje a zimbudzi kwa zaka makumi anayi, koma dzina lawo silinalembedwe pa chitsime ngakhale chimodzi. Anthu amangotunga, kumwa, n'kumapita. N'chifukwa chake ndaganiza zolemba ine. Mayeso omaliza a kusekondale ndinalemba kale, zotsatira sizinatuluke, ndipo tsiku lonse ndimangozungulira pakhomo ngati nkhuku yosowa poikira. Amayi amati ndipeze chochita. Chochita chake ndi chino, ndipo amene wayamba kuwerenga ndikum'pempha afike kumapeto, chifukwa munthu uyu anthu am'dumpha kokwanira.

Dzina lawo lenileni amalidziwa ndi amayi ndi a kuchipatala basi. Ena tonse timati a Mfuko. Ndi aafupi, otambalala m'mapewa, ndipo zikhatho zawo n'zokhakhala moti akakupatsa moni umakhala ngati wagwira njerwa yootcha. Anayamba kukumba ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ali aang'ono kuposa mmene ndilili ine lero. Akatapa dothi m'manja, n'kulinunkhiza, n'kulifinya, amakuuza ngati madzi ali pafupi kapena ukungotaya thukuta. Potsika m'chitsime sankafuna makwerero. Ankaboola timaenje m'khoma mbali ziwiri, n'kumaponda uku ndi uku atatangadza miyendo. M'mawa asanatsike ankayamba atsitsa kandulo yoyaka m'ndowa. Ikazima ankati mpweya wa pansi wadwala, n'kukhala pamwamba kudikira, mwini chitsime anyinyirike kapena ayi.

Tsiku lina ndinawaperekeza kuchipatala wapansi, ndipo ulendo wa theka la ola unatitengera maola awiri. Pakhomo lililonse ankaima. "Ichi ndinakumba ine, pansi pake pali thanthwe lotsetsereka. Icho uko madzi ake ndi a mchere, ndinawauza osamva. Apa panali chitsime chabwino, anakwirira n'kumangapo garaja." Ine ndimadziwa misewu ndi maina a masitolo. Iwo amaidziwa ndi zimene zili pansi pake. Ndipo anali ndi mawu amodzi amene ankauza aliyense wophunzira ntchito kwa iwo: "Dothi lokumbidwa silibwerera mwakale. Ulitsindire bwanji, limakumbukira kuti linakumbidwapo." Mawu amenewa muwasunge, abweranso.

Akazi awo anamwalira ine ndisanabadwe, ndipo ana analibe. Chimene anali nacho ndi galu. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, atafika m'mawa pa dzenje limene anasiya dzulo lake, anamva kulira pansi. Kanali kamwana ka galu, kagweramo, kali matope okhaokha. Anatsika n'kukaika m'ndowa, mnzawo wokoka chingwe n'kukatulutsa ngati dothi. Kuyambira tsiku limenelo sikanawasiye. Iwo akatsika, iko kankakhala pakamwa pa dzenje, miyendo yakutsogolo ili m'mphepete, kakusuzumira pansi tsiku lonse osathandiza kanthu. Anzawo anati uyu ndiye kapitawo weniweni, woyang'anira ena akugwira. Dzina linakhala lomwelo, Kapitawo. Ndi galu wofiirira, wa khutu limodzi logwa, wosauwa pachabe.

Miyezi ingapo yapitayo msana unawagwira ali pansi pa chitsime. Anawerama kuti anyamule ndowa ya matope, osathanso kuwongoka. Wokoka chingwe anali atapita kukagula fodya. Kapitawo anauwa mpaka amayi ena amene ankachapa chapafupi anabwera kudzaona, n'kuitana amuna. Anawatulutsa atawamanga chingwe m'khwapa. Iwo eni amaseka akamafotokoza: "Galuyu anatuluka pa chingwe, ine ndinatuluka pa chingwe. Tafanana." Adokotala anati zotsika m'maenje zatha.

Ndi mmene anabwerera kudzakhala kwathu. Amayi anga ndi mlongo wawo wamng'ono, ndi atelala, makina awo amakhala pakhonde lakuseri. Bambo anga amayendetsa lole ya buledi, amachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Amalume anafika ndi chikwama chimodzi, piki, fosholo, khasu la mpini waufupi, ndowa yopindika m'mbali, chingwe, ndi galu. Tinawakonzera kachipinda kapanja kamene tinkasungamo makala. Bambo anawalandira ndi manja awiri, koma ananena chinthu chimodzi.

"Alamu, pano ndi panu. Koma galuyu azikhala m'kati mwa mpanda. Aneba athuwa takhala nawo zaka zambiri osayambana."

"Musade nkhawa, alamu," anatero amalume. "Uyu ndi munthu wamkulu, amamva."

Mpanda wathu ndi wa malata akale okhomera pa mitengo. Kuseri kwake kuli aneba, mayi wamasiye amene amafesa mbande za maluwa ndi za mitengo m'timachubu takuda n'kumagulitsa. Timachubuto amatindandalika m'mizere mpaka kudzagunda mpanda wathu. Ife timangowatcha Amayi a Mbande. Kwawo kulibe geti, ukalowa kwawo ndiye kuti watulukira kale kumsewu.

Sabata yoyamba amalume ankadzuka m'mawa, kupukuta piki ndi kansanza ka mafuta, kuiimika pakhoma, n'kukhala pa chidebe kuyang'ana dzuwa likuyenda. Kapitawo ankakhala pambali pawo, akuyang'ana piki, akuyang'ana iwo. Sabata yachiwiri, Lachiwiri m'mawa, tinapeza una pansi pa malata, dothi lili mbwee, galu palibe. Amalume anatenga ndodo n'kuyenda pang'onopang'ono kufunsa m'misewu. Anakam'peza kumene anthu ankakumba ngalande yoika mapaipi, atakhala m'mphepete, akusuzumira anthu osawadziwa n'komwe. Okumbawo anali atam'patsa kale chidutswa cha buledi.

"Madala, ndi wanu uyu? Watiyang'anira kuyambira m'mawa, taopa ndi kupuma komwe."

Amalume anaseka, n'kubwerera naye kunyumba. Nthawi imene galu anatulukayo ndi yomwe iwo ankanyamukira kupita kuntchito zaka zonsezo. Adokotala anauza munthu kuti ntchito yatha, koma galu panalibe anamuuza.

Una uja anautseka ndi njerwa zinayi. M'mawa mwake Kapitawo anakumba pambali pa njerwazo. Anaikapo mwala waukulu, iye anakumba pambali pa mwala. Kasitomala wina wa amayi anati tiwaze tsabola m'mbali mwa mpanda, kwawo amatero. Tinawaza. Mphepo itaomba amene anayetsemula tsiku lonse ndi amayi ndi makasitomala awo, galu anangoyang'ana. Bambo anati amangidwe. Anam'manga tsiku limodzi pa mtengo wa mango. Analira kuyambira m'mawa mpaka masana, chakudya osachinunkhiza n'komwe, moti mayi wina amene anabwera kudzayesa diresi anachoka mapini adakali m'chiuno. Amalume anam'masula okha.

"Chingwe n'cha ndowa," anatero. "Sanachipangire khosi la mnzanga."

Lolemba lotsatira Amayi a Mbande anabwera madzulo, bambo atangofika. Ananyamula beseni, m'menemo muli timachubu tong'ambika, mbande zitathyoka m'khosi. Sanakalipe. Anangoika beseni pansi pakati pathu.

"Aneba, izi ndazithirira miyezi itatu ndi madzi osenza pamutu. Galu wa a Mfuko akadutsa pansi pa mpanda amatulukira pakati penipeni pa mizere. Aka n'kachinayi. Ine ndilibe wondilankhulira, ndiye ndabwera ndekha."

Bambo anapepesa, n'kuwaperekeza mpaka pageti. Atabwerera anakhala pansi moyang'anizana ndi amalume.

"Alamu, ndisakubisireni. Msuweni wanga wa kufamu akufuna galu, ndipo Loweruka lole yanga imadutsa komweko. Akatulukanso kamodzi kokha, Loweruka akwera nane. Kumeneko akakumba mmene angafunire."

Amalume anayang'ana galu, amene anali atagona pa mapazi awo.

"Mwanena zoona, alamu. Koma ndipatseni mpaka Lowerukalo. Ine ndakumba zaka makumi anayi. Sindingagonje kwa munthu wokumba ndi zikhadabo."

Ndinaona mmene anasisitira khutu logwa lija, ndipo ndinadziwa kuti galuyo akakwera lole, m'kachipinda kaja mutsala piki ndi munthu wongodikira tsiku lake.

Lachiwiri kutangocha tinamva piki. Nzeru yawo inali ya mmisiri wa zitsime: chilichonse chikavuta, yankho lake lili pansi. Anati akumba ngalande motsata mpanda wonse wa mbali ya aneba, yakuya kufika m'chiuno, aimikemo malata ena akale, kenako akwirire. Galu akakumba akapeze khoma lina pansi pa khoma.

Amayi anaimitsa makina.

"Achimwene, adokotala anati chiyani?"

"Anati ndisatsike m'chitsime. Ichi n'chitsime?"

"Msana sudziwa kusiyanitsa."

"Iwe soka. Ine ndinayamba ndakuuzapo kadulidwe ka kolala?"

Ankakumba mopumira, atadzimanga nsalu mothina m'chiuno. Akamenya piki kasanu ankaima, dzanja limodzi pamsana, ataluma mano. Ndinati ndiwatayire dothi, anandikaniza. "Manja a mayeso amenewo, angatuluke matuza nzeru n'kuthawiramo." Koma ntchito yawo mukanaiona. Makoma a ngalande anali owongoka ngati ayeza ndi rula, pansi pake posalala moti ukanayalapo mphasa. Ndipo Kapitawo anakhala m'mphepete, miyendo yakutsogolo pakamwa pa ngalande, mchira ukusesa dothi. Masiku awiri amenewo pansi pa mpanda panali potseguka, akanafuna akanatuluka ndi kukanda katatu kokha. Sanayese n'komwe. Tonse tinaona, koma panalibe amene anaganizapo kanthu.

Lachitatu masana, atayamba kukwirira, amayi anabwera ndi tiyi n'kuima pambali pawo.

"Achimwene, ndinene kanthu?"

"Ndikakana unenabe."

"Ine ndimakhala pakhondepa tsiku lonse, galuyu ndimamuona. Mauna ake onse amayambira pamene lata lagunda dothi, sayambira patali. Bwanji m'malo mopita pansi, mpandawu muupinde m'munsi ngati siketi? Waya wa khola lathu lakale la nkhuku lija alipo. Mbali imodzi mumangirire ku mpanda, yotsalayo muigoneke pansi cham'kati muno."

Amalume anamwa tiyi, n'kupukuta pakamwa.

"Kuya kwake?"

"Kuya kwa chiyani? Zala ziwiri, kungobisa waya."

"Zala ziwiri." Anaseka mpaka msana unawakumbutsa. "Chemwali, zala ziwiri imakumba ndi nkhuku. Ine dzina langa ndi Mfuko."

Anakwirira, n'kutsindira ndi chipika mpaka madzulo. Bambo atabwera anayenda pamwamba pake, kudumphapo kawiri, n'kunena kuti apa ngakhale nungu singadutse. Ndinaona kuti mtima wawo wapepuka. Bambo anga si munthu wouma mtima, kungoti akanena mawu sawabweza.

Lachinayi m'mawa piki sinalire, chifukwa ntchito inali itatha. Bambo anali atapita. Amalume anali m'kachipinda akudzola mankhwala pamsana, ine ndikutsuka mbale. Amene anaona ndi amayi: dothi likuuluka pafupi ndi mpanda ngati wina akupeta. Pamene ankaitana, galu anali atalowa kale mpaka m'chiuno. Ngalande imene inatenga masiku awiri, iye anaifukula madzi a tiyi asanawire. Anatsika motsata lata lokwiriridwa lija, anapeza pamene malata awiri anakumana mosiya kampata, n'kulowa.

Sindinaonepo munthu wodwala msana akuthamanga choncho. Anadzigwetsa chafufumimba, n'kupisa dzanja m'una, n'kugwira miyendo yakumbuyo. Galu kukoka, iwo kukoka. Kuseri kwa mpanda tinamva mawu a Amayi a Mbande, odekha ngati palibe chachitika.

"A Mfuko, mwadzuka bwanji? Kuno kwamera mutu wa galu pakati pa maluwa anga."

"Tadzuka, mayi. Mutu wokha?"

"Mutu ndi mwendo umodzi."

"Ndiye kuti sanatuluke. Mbali yaikulu ili kuno, ndaigwira."

"Ikokeni msanga. Akundiyang'ana ngati ndachedwa kuntchito."

Anam'kokera m'kati, onse awiri ali dothi lokhalokha. Amalume anakhala pansi pambali pa una, osasasa n'komwe malaya. Anatapa dothi la m'ngalande n'kulifinya. Linangoyoyoka m'zala ngati shuga. Anatambasula dzanja, n'kukanda ndi chala pabwalo pamene piki sinafike. Panali gwa ngati simenti.

"Dothi lokumbidwa silibwerera mwakale," anatero, osayang'ana aliyense. "Mawu amenewa ndaphunzitsa anthu oposa makumi awiri. Bwaloli linali louma ngati mwala, galu ankalimbana nalo m'mawa wonse. Ine ndabwera ndi piki, ndam'limira mpanda wonse kuchokera uko mpaka uko. Ndam'gwirira ganyu kapitawo wanga."

Anadzuka mogwirira mpanda, n'kupita pakhonde. Anaima pafupi ndi makina kwa kanthawi, akuyang'ana ulusi ngati ndi umene abwerera.

"Chemwali, zija umanena za siketi zija."

Amayi sanawaseke, ndipo pa ichi ndimawapatsa ulemu. Anatenga kansalu kotsala, theka n'kuliimika ndi dzanja, theka linalo n'kulipinda kuti ligone pa tebulo. Kenako anayendetsa zala ziwiri ngati galu, kufika pa ngodya, n'kukanda.

"Akafika apa akanda, wapeza waya. Asuntha cham'mbali, akanda, waya yemweyo. Kuti adutse ayenera kubwerera m'mbuyo n'kuyambira patali, koma iye maso ake ali pa mpanda. Wofuna kutuluka saganiza zobwerera m'mbuyo."

"Wogona pansiyo atalike bwanji? Phazi limodzi?"

"Mapazi anu anayi. Ukapinda pang'ono, chovala chimamasuka pa kuchapa koyamba."

"Waya atithera."

"Akatha tiphwasula ndi chitseko cha khola chomwe."

Madzulo bambo atamva za mutu womera pa maluwa sanaseke, ngakhale amayi ankabisa nkhope m'nsalu. Anapita okha kukafunsa aneba ngati pali chathyoka. Atabwerako anati:

"Akuti machubu awiri okha, ndipo akuti iwo anaona theka la galu. Chabwino, ndamva. Koma theka lotsalalo likatuluka, alamu, Loweruka ndi mkuja."

Lachisanu anagwira awiri, munthu ndi mlongo wake. Amayi anauza makasitomala kuti abwere Lolemba. Anaphwasula khola limene linakhala lopanda nkhuku chidutsire chitopa. Amalume ankaboola malata ndi msomali, amayi n'kumasokerera waya ku mpanda ndi waya wina wowonda, kulowetsa ndi kutulutsa ngati akusoka thumba. Ankayeza ndi tepi yawo ya m'khosi n'kulemba pansi ndi choko cha nsalu, amalume akung'ung'udza kuti chibadwire sanaonepo dothi likuyezedwa ngati chiuno cha mkwatibwi. Waya wogona pansiyo anam'khomerera ndi tizitsulo topinda ngati mbedza. Pamene zidutswa ziwiri zakumana, amayi ankaziphatikiza n'kusoka kawiri.

"Dzulo anadutsira pa msoko," anatero.

Chovuta chinali kukwirira. Amalume akatapa fosholo yodzaza, amayi ankati, "Zala ziwiri, achimwene." Iwo ankabweza theka, nkhope ili ngati akumwa mankhwala owawa. Pomaliza anaima n'kuyang'ana ntchito yonse, manja ali m'chiuno.

"Zaka makumi anayi," anatero. "Anzanga akamva kuti ndakumba zala ziwiri, andilanda dzina."

"Sitiwauza," anatero amayi. Ine pano ndawauza, andikhululukire.

Kapitawo anayang'anira zonsezi ali pambali, ndipo ine ndinkaopa kuti waona pamene waya wathera.

Loweruka bambo sananyamuke nthawi yawo. Lole inali panja pa geti, ndipo ndinaona kuti pampando wa pambali ayalapo thumba lakale, pamwamba pake kachingwe. Anangoti tonse tilowe m'nyumba, galu atsale yekha pabwalo, piki isalire, kuti tione zoona zake. Tinaima pa zenera la kukhitchini, anthu anayi pa zenera limodzi. Amalume anagwira chitsulo cha zenera ndi manja onse awiri.

Kapitawo anadzuka, anadziwongola, anapita pakhomo pa kachipinda n'kudikira. Palibe anatuluka ndi piki. Anadikirabe pang'ono, kenako anapita ku mpanda, pamalo pa una wa Lachinayi. Anakanda kawiri, katatu, ndipo tinamva zikhadabo zikulira pa waya, khwee. Anaima n'kununkhiza. Anasuntha cham'mbali, khwee. Anapita kumapeto kwenikweni, pa ngodya, khwee. Anayesa malo asanu ndi awiri, ndinkawerenga.

Kenako anachita chimene amayi anati sachita. Anabwerera m'mbuyo.

Anaima, mutu utapendekeka, khutu logwa lija likulendewera. Anabwereranso pang'ono. Amalume ananong'ona, "Ameneyu anakulira pa maenje, chemwali." Milomo ya amayi inkangoyenda ngati akuwerenga mapazi. Galu anayamba kukanda pamenepo mwamphamvu, dothi likuuluka pakati pa miyendo. Khwee. Anali adakali pa waya, patatsala chikhatho chimodzi kuti afike pothera. Amayi akanalola za phazi limodzi zija, bwenzi pano ndikulemba nkhani ina.

Anayang'ana mpanda, anayang'ana nyumba, anayetsemula dothi m'mphuno, n'kukagona pansi pa mtengo wa mango, mutu uli pa miyendo.

Bambo anadikirabe mphindi khumi akuyang'ana wotchi. Kenako anatuluka, anatenga thumba lija m'lole n'kuliponya pakhonde.

"Azigonerapo," anatero. "Alamu, mwapambana. Ine buledi wachedwa."

"Wapambana ndi telala," anatero amalume.

Ndinkaganiza kuti asangalala, mwina kuvina kumene ndi msana wawowo. Koma lole itapita anakakhala pa chidebe pafupi ndi galu, n'kumamuyang'ana. Galu sanagwedeze mchira.

"Tam'tsekera, koma sitinamuyankhe," anatero. "Galu wamkota sakandira pachabe. Chemwali, masiku amene ndinkakumba ngalande aja, pansi pa mpanda pali potseguka, anatuluka?"

"Ayi," anatero amayi.

"Ndiye sankathawa pakhomo pano. Ankapita kuntchito. Amene anajomba ndi ine."

Analowa m'kachipinda, n'kutuluka ndi piki paphewa, khasu lalifupi lija lili m'manja. Galu anaimirira nthawi yomweyo. Anatsegula geti, n'kutuluka awiriwo, kuzungulira mpanda mpaka kwa aneba, ulendo uno podzera polowera anthu. Ine ndinamvetsera pa mpata wa malata.

"Odi, mayi. Tabwera tonse, mutu ndi mchira womwe."

"Lowani, a Mfuko. Koma mnzanuyo aziyenda pakati pa mizere."

"Tinakuthyolerani mbande. Kufesa sindidziwa, koma mitengo iyo yakulira m'machubu, mizu yayamba kuboola. Ikufuna maenje. Amene amagula kwa inu amakumba okha?"

"Amakumba ngati akukwirira khoswe. Mtengo ukafa n'kumati mbande zanga n'zoipa."

"Ndiye muziwauza kuti pali munthu. Lero ndiyamba ndi yanuyi. Kufika m'bondo basi, adokotala asamve."

Papita miyezi iwiri. M'mawa uliwonse amatulukira pageti, munthu patsogolo ndi piki, galu pambuyo. Amakumba maenje a mitengo m'makomo mwa anthu amene agula mbande, atatu kapena anayi pa tsiku, ofika m'bondo, makoma ake owongoka ngati a chitsime. Msana umawavutabe. Masiku ena amabwerako dzenje lachiwiri lisanathe, n'kugona chagada pansi, amayi akuwakalipira uku akuwatenthetsera madzi othowera. M'mawa mwake piki imakhala ili paphewa. Udzu wamera pa waya uja, simungadziwe kuti alipo. Koma Lamlungu, tsiku losapita kuntchito, Kapitawo amapitabe ku mpanda, amakanda kamodzi, khwee, n'kubwerera kukagona pa thumba lake. Amalume amati sakufuna kutuluka, akungoyendera ntchito ya telala ngati idakali yolimba.

Zotsatira zanga sizinatulukebe. Dzulo ndinawawerengera amalume zimene ndalembazi. Anamvetsera mpaka kumapeto, dzanja lili pa khutu la galu. Za kulakwitsa kwawo sanatsutse, za zala ziwiri sanatsutse. Anangoti pali chinthu chimodzi chimene ndanama, ndipo ndisapatse munthu kuti awerenge ndisanakonze. Ndiye ndikukonza: ngalande ija sinalekeze m'chiuno. Inapitirira ndi chikhatho chimodzi.